Uthenga unkafika bwanji ku Massangulo? Mbiri ya lamya kwathu kuno

Sabata yatha mwana wina wa kalasi yachisanu anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kale kulibe mafoni, munthu akamwalira ku Cuamba abale ake a ku Massangulo ankamva bwanji?" Ndinamuyankha mothamanga chifukwa nthawi inali itatha, koma funsolo lakhala likundizungulira m'mutu. Lero tiyende nalo bwinobwino.

Yankho loyamba ndi miyendo. Uthenga wa maliro unkanyamulidwa ndi anyamata, kawirikawiri awiri, ndipo akafika pamudzi ankayamba kwa amfumu kapena kwa mwinimbumba asanauze wina aliyense. Kuchokera ku Cuamba kufika ku Massangulo ndi makilomita oposa 200. Pamene uthenga unkafika n'kuti maliro ataikidwa kale, abale ankangopita kukapepesa ndi kukaona manda.

Chodabwitsa n'chakuti waya wotumizira mauthenga unadutsa pafupi nafe kalekale. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes inakoka waya wa telegalafu kuchokera ku Salisbury, kudzera ku Tete, Blantyre, Zomba ndi Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi, n'kukwera m'mbali mwa nyanja tsidya la kumadzulo mpaka ku Karonga. Ife a tsidya lino tinali m'manja mwa Companhia do Niassa, imene inalamulira dera lino mpaka 1929 ili ndi likulu lake ku Porto Amélia, Pemba wa lero. Iwo mtima wawo unali pa msonkho wa nyumba ndi chibalo. Zoti mayi wa ku Ngauma amve za mwana wake amene anapita kukathyola tiyi ku Mulanje sizinkawakhudza.

Chimene chinathandiza mayi ameneyo ndi kalata. Ansembe a Consolata atakhazika mishoni ya Massangulo mu 1928, anthu odziwa kulemba anayamba kuchuluka pang'onopang'ono, ndipo mphunzitsi kapena katekisiti ndiye ankalembera mudzi wonse ndi kuuwerengera. Onani aphunzitsi anzanga, ntchito yathu inayamba kale kukhala ya pakati. Munthu ankanena za kukhosi kwake m'Chiyao kapena m'Chinyanja, ndipo zinsinsi za mabanja zinkadutsa m'manja mwa wolembayo. Njanji yochokera ku Nacala itafika ku Nova Freixo, dzina la Cuamba nthawi imeneyo, kenako ku Vila Cabral mu 1969, makalata anayamba kuyenda msanga. Telefoni inalipo, koma inali ya muofesi ya mtsamunda, ya pasiteshoni ya sitima ndi ya amalonda owerengeka.

Titalandira ufulu mu 1975, boma linapatula ntchito ya matelefoni ku ntchito ya positi, ndipo mu 1981 kunabadwa TDM. Koma nkhondo inali itayamba kale. Misewu inatsekeka, sitima inkayenda mwa apo ndi apo, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi. Mabanja ambiri a ku Mandimba ndi Ngauma anagawikana, ena ku Mangochi, ena kuno. M'zaka zimenezo "foni" ya anthu wamba inali wailesi. Madzulo anthu ankazungulira kawailesi ka mabatire kumvera mauthenga achisoni pa MBC, kapena Rádio Moçambique ya ku Lichinga imene inkaulutsa m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chimakua. Ena anapeza abale awo kudzera m'timakalata ta bungwe la Cruz Vermelha. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chaka chomwe boma linakhazikitsanso INCM, bungwe loyang'anira za mauthenga.

Foni ya m'manja inalowa m'dziko lino mu 1997 ndi mCel, ya manambala oyamba ndi 82. Inayambira ku Maputo, ndipo kuti ifike kuno panapita zaka. Vodacom, ya 84, inabwera kumapeto kwa 2003. Makampani onsewa ankaika nsanja zawo kumene kuli anthu ambiri ndi magetsi, ndipo magetsi a Cahora Bassa anafika ku Cuamba ndi ku Lichinga cha m'ma 2005. Mudzi wa kutali ndi msewu waukulu unkangomva mbiri.

Apa m'pamene mbiri yathu ya m'malire imasiyana ndi ya anzathu a kumwera. Ku Malawi TNM inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel n'kutsatira mu 1999, imene inadzasanduka Zain kenako Airtel. Mafunde sadziwa pasipoti. Ambiri a m'midzi ya m'malire anayamba kugwira foni ndi nambala ya +265 asanakhalepo ndi ya +258. Mudzi uliwonse unali ndi malo ake odziwika: pachulu chakuti, pansi pa mtengo wa mango wakuti, paphiri pamene "rede" imagwira. Munthu unkaima pamenepo osasuntha, dzanja m'mwamba ngati ukulumbira. Ndikukumbukira malemu amalume anga atayenda mtunda wa ola lathunthu kukaimbira mwana wawo ku Johannesburg, atangoti "Muli bwanji kumeneko?" kredito n'kutha. Anabwerera kunyumba akuseka okha. Mpaka lero amalonda a nandolo ndi soya amayenda ndi makadi awiri kapena atatu, chifukwa kuimba kuchokera ku Mandimba kupita ku Chiponde, pamtunda woti njinga yakapalasa imafika msanga, kumawerengedwa ngati kuimba kunja kwa dziko. Ana athu anaphunzira kubipa asanaphunzire kulemba uthenga.

Mu Seputembala 2010 anthu a ku Maputo anachita zionetsero chifukwa cha kukwera mtengo kwa buledi ndi zinthu zina, ndipo ankaitanizana pa SMS. Pambuyo pake boma linalamula kuti khadi lililonse lilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kwa ife lamuloli linavumbula vuto lina: agogo ambiri analibe chitupa, choncho manambala awo analembetsedwa m'maina a adzukulu kapena a aphunzitsi.

Kusintha kwenikweni kwa kumudzi kunabwera mu Meyi 2012 ndi Movitel, ya 86, mgwirizano wa kampani ya Viettel ya ku Vietnam ndi SPI ya kuno. Iwo anachita zosiyana ndi anzawo: anayamba ndi maboma a kumidzi. Pa tsiku lotsegulira analengeza kuti anali atakoka kale makilomita 12,500 a chingwe cha fibra. Amene munalipo mukukumbukira mitengo ikudzalidwa m'mbali mwa misewu ndi ogulitsa makadi akuyenda khomo ndi khomo. Makampani enawo anakakamizika kutsitsa mitengo ndi kuwonjezera nsanja. Kenaka ndalama nazo zinalowa m'foni: mKesh mu 2011, M-Pesa mu 2013, e-Mola pambuyo pake. Kwa mphunzitsi wa ku Itepela amene ankawononga tsiku lathunthu ndi ndalama ya galimoto kuti akafike kubanki, ichi sichinali chinthu chaching'ono. Kampani za boma zija, TDM ndi mCel, zinalemedwa ndi ngongole mpaka zinaphatikizidwa kukhala Tmcel kumapeto kwa 2018, ndipo lero msika waukulu uli m'manja mwa Vodacom ndi Movitel.

Intaneti imene timatsegulira WhatsApp imalowa m'dziko kudzera m'zingwe za pansi pa nyanja yamchere. SEACOM inafika ku Maputo mu 2009, EASSy mu 2010, ndipo mu 2023 chingwe cha 2Africa chinatulukira ku Nacala, kufupi ndi ife kusiyana ndi kale. Koma chingwe kufika n'kwina, kholo kukwanitsa kugula mega n'kwinanso. Mu Meyi 2024 INCM inaika mitengo yatsopano imene inathetsa mapaketi opanda malire. Ophunzira anaguba m'misewu ya Maputo, ndipo pasanathe mwezi boma linati mitengoyo iimitsidwe. Chisankho cha Okutobala chaka chomwecho chitapita, intaneti ya m'mafoni inadulidwa kangapo, ndipo tinaona tokha kuti chimene tinazolowera chikhoza kuzimitsidwa ndi munthu amene sitimudziwa.

Pali kanthu kena kamene ine kamandipweteka. Mayi akafuna kutapa ndalama imene mwana wamutumizira, foni imamulankhula Chipwitikizi: "levantar dinheiro", "confirmar". Ndiye amapereka foni ndi nambala yake yachinsinsi kwa wothandiza pamsika, monga agogo ake ankaperekera zinsinsi kwa wolemba kalata uja. Chimene chawamasula pang'ono ndi uthenga wa mawu. Amayi anga sanalembepo SMS m'moyo wawo, koma Lamlungu lililonse amadina kabatani, n'kulankhula ndi mlongo wanga wa ku Nampula mphindi zisanu m'Chiyao, kuyambira malonje mpaka za mbuzi imene inadya chinangwa cha aneba.

Mwana uja ndamuuza kuti akafunse agogo ake dzina la chulu chimene ankaimbirapo foni, abwere nalo Lolemba.