Maonekedwe a galasi la TV: kusiyana kwa 4:3 ndi 16:9

Munthu akapita kukagula TV amafunsa mtengo ndi mainchesi, koma kawirikawiri safunsa za maonekedwe a galasi lake. Maonekedwewa alipo awiri odziwika, ndipo amalembedwa ndi manambala: 4:3 ndi 16:9. Nambala yoyamba ikuimira m'lifupi, yachiwiri ikuimira msinkhu.

Galasi la 4:3 ndi la TV zakale zija za msana waukulu. Limaoneka ngati lofanana mbali zonse, chifukwa m'lifupi mwake mumaposa msinkhu pang'ono chabe. Galasi la 16:9 ndi lotambalala, ndipo ndi limene lili pa TV zopyapyala za masiku ano. Muyeso umenewu anaukonza ndi katswiri wa ku America, Kerns Powers, m'zaka za m'ma 1980, pofuna galasi limodzi loti lizitha kuonetsa bwino mapulogalamu a TV ndi mafilimu omwe.

Mainchesi amanyenga

Mainchesi a TV amayezedwa mopingasa, kuchoka pa ngodya ya m'munsi kufika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2,54. Chifukwa cha kayezedwe kameneka, TV ziwiri za mainchesi ofanana zimasiyana msinkhu ngati maonekedwe ake ndi osiyana.

TV yakale ya mainchesi 29 ili ndi galasi la msinkhu wa masentimita pafupifupi 44. TV yotambalala ya mainchesi 32 ili ndi msinkhu wa masentimita pafupifupi 40 okha, ngakhale kuti m'lifupi imafika 71. Choncho amene wasiya ya 29 n'kugula ya 32 akhoza kudabwa kuona kuti nkhope ya wowerenga nkhani yachepa. Kuti msinkhu usatsike, chulukitsani mainchesi a TV yakale ndi 1,22. Ya mainchesi 21 imalingana msinkhu ndi yotambalala ya 26, ndipo ya 29 imafuna yotambalala ya 36 kapena kuposa.

Mizere yakuda

Chithunzi chikasiyana maonekedwe ndi galasi, pamatsala malo akuda. Pulogalamu ya 16:9 pa TV ya 4:3 imasiya mizere yakuda m'mwamba ndi m'munsi, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a galasi limangokhala osagwira ntchito. Filimu yakale ya 4:3 pa TV yotambalala imasiya mizere kumanzere ndi kumanja, moti pa TV ya mainchesi 32 chithunzi chimangokhala cha mainchesi 26. Mafilimu ambiri akuluakulu ndi otambalala kuposa 16:9, n'chifukwa chake mizere imaoneka ngakhale pa TV yatsopano. Kumeneko si kuwonongeka kwa TV.

Ena amadana ndi mizereyi ndipo amatambasula chithunzi ndi rimoti. Zikatero anthu amaoneka afupi ndi onenepa, ndipo mpira umasiya kukhala wozungulira. Ena amakulitsa chithunzi, koma m'mbali mumadulidwa, moti zigoli za masewero a Moçambola kapena mawu oyenda m'munsi mwa nkhani sizionekanso.

Yosankha ndi iti?

Kuchokera mu 2021, pamene Mozambique inayamba kuzimitsa makina akale oulutsira TV n'kusamukira ku dijito ya DVB-T2, TV yakale siigwira mawayilesi popanda dekoda, monga ya TMT. Zithunzi za HD, kaya ndi 1280 x 720 kapena 1920 x 1080, zonse ndi za 16:9. Pachifukwa ichi, wogula TV yatsopano asankhe 16:9, ndipo afunse ngati ili ndi DVB-T2 m'kati mwake. TV zopyapyala za LED zimadyanso magetsi ochepa poyerekeza ndi zakale za kukula kofanana, zomwe zimathandiza a Credelec ndi a sola omwe.

Amene TV yake yakale ikugwirabe ntchito sakuyenera kuitaya. Alowe m'makonzedwe a dekoda, pamene palembedwa Formato kapena Aspect Ratio, asankhe 4:3 Letterbox kuti aziona chithunzi chonse. Ndipo tsiku lokagula ina, ayambe wayeza msinkhu wa galasi lakale ndi tepi, n'kupita nayo tepiyo kusitolo.