Penguin Parade (Phillip Island, Australia)

Penguin Parade ndi dzina la zomwe zimachitika madzulo aliwonse pagombe la Summerland, pachilumba cha Phillip Island m'chigawo cha Victoria. Dzuwa likalowa, timbalame ta penguin, tochepetsetsa mwa mitundu yonse ya mbalamezi, totalika masentimita pafupifupi 33, timatuluka m'nyanja momwe timagwira nsomba. Timadikira kamdima poopa mbalame zolusa. Timayamba tasonkhana m'timagulu m'mphepete mwa madzi, nthawi zina n'kubwereramo mwamantha, kenako n'kudutsa mchenga chodzandira kulowera kumauna kwawo.

Mu 1985 boma la Victoria linayamba kugula nyumba za pamalopa n'kuzichotsa, kuti timbalameti tiziswana bwino. Alendo amaonerera ali pamalo okonzedwa. Kujambula zithunzi dzuwa litalowa n'koletsedwa, chifukwa kuwala kumasokoneza timbalameti.