Mankhwala Obisika M'mafupa

Tikamaswa fupa la ng'ombe kuti titsope mafuta a m'kati mwake, sitiganizako kuti m'mafupa ndi momwe magazi amapangidwira. Mwa munthu zilinso chimodzimodzi. M'mafuta a m'mafupa muli maselo apadera omwe pa Chingerezi amatchedwa stem cells. Selo lotere likagawikana limabala linzake lofanana nalo, komanso ndi kholo la maselo ofiira, oyera ndi aja oumitsa magazi pabala. Koma nzeru yochiritsa anthu ndi maselowa idachita kugulidwa ndi maliro.

Mu Ogasiti 1945, dziko la America lidaponya mabomba a atomiki pa mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan. Anthu ambiri omwe adapulumuka ku moto adamwalira patapita masabata angapo, magazi akutuluka m'nkhama, thupi litalephera kulimbana ndi matenda. Cheza chaukali cha mabombawo chidali chitapha mafuta a m'mafupa mwawo.

Zitatero, asayansi adayamba kuwomba mbewa ndi cheza chomwecho. Adapeza kuti mbewa yodwala imachira ikabayidwa mafuta a m'mafupa a mbewa inzake. Mu 1961, James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto adaona tizotupa pa kapamba wa mbewa zobayidwazo, ndipo mu 1963 zidatsimikizika kuti chotupa chilichonse chidachokera ku selo limodzi lokha.

Pa anthu zinthu zidavuta. Mu 1957, dokotala wa ku America E. Donnall Thomas adalengeza zotsatira za odwala 6 omwe adawapatsa mafuta a m'mafupa a anthu ena. Palibe adachira. Thupi linkakana maselo achilendo, mwinanso maselowo ankaukira thupi la wodwala. Njira idatseguka madokotala atadziwa kuyeza ngati maselo a wopereka akugwirizana ndi a wolandira, potsatira ntchito ya Jean Dausset wa ku France. Mu 1968, Robert Good wa ku Minnesota adachiritsa khanda lobadwa lopanda chitetezo cha m'thupi ndi mafuta a m'mafupa a mlongo wake.

Thomas sadagwe mphwayi. Mu 1977, ali ku Seattle, adalemba za odwala khansa ya m'magazi 100 omwe mankhwala ena onse adali atawakanika. Mwa iwo, 13 adakhala ndi moyo zaka zambiri. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1990 adalandira mphoto ya Nobel.

Nkhaniyi ifenso ikutikhudza. Mu 2007, ku Berlin, Timothy Ray Brown, yemwe adali ndi khansa ya m'magazi komanso HIV, adalandira maselo a munthu wobadwa ndi majini okaniza kachilomboka. Iye adakhala munthu woyamba kuchira HIV, ngakhale njirayo ndi yoopsa kwambiri moti singaperekedwe kwa aliyense. Mu 2023, Britain ndi America adavomereza Casgevy, chithandizo chokonza majini a maselo a wodwala sickle cell n'kuwabwezeretsa m'thupi mwake. Ku America mtengo wake udaikidwa pa madola 2.2 miliyoni.

Ana ambiri obadwa ndi sickle cell amabadwira mu Africa muno. Padadutsa zaka 23 kuchokera pa Hiroshima kufika pa khanda la ku Minnesota lija. Mayi wogoneka mwana wolira ndi ululu wa m'mafupa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adikira zaka zingati?