Mpingo utalowa m'mudzi, mbumba inagawikana

Mu 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Mishoni ya Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902. Midzi imene anaipeza inali kale ndi malamulo ake. Mwana ankamvera malume ake, mtsikana akatha msinkhu ankavinidwa, mnyamata ankalowa kudambwe.

Choyamba kugwedezeka chinali ukwati. Mwamuna wamitala akafuna ubatizo ankauzidwa kuti atsale ndi mkazi wamkulu yekha. Kutchalitchi kunali chimwemwe, koma taganizirani za mayi wachiwiri uja. Sanalakwe kanthu. Mwamuna wangosiya kufika, munda akulima yekha, ana akufunsa za bambo awo, ankhoswe nawo akusowa poyambira chifukwa mlandu wake ngwachilendo. Nkhani ya mitala ndi imodzi mwa zimene zinabala mipingo ya eni dziko, monga African National Church imene inayamba kumpoto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndipo inkalandira amitala.

Zaka zomwezo, m'chigawo chapakati mkangano unali pa ana. Mphunzitsi wa mishoni ankawafuna kusukulu, akuluakulu a gule ankawafuna kudambwe. Mwana wolowa kalasi ankabwera kunyumba akutchula agogo ake kuti akunja, nsembe ya ufa pansi pa mtengo n'kuikana. Mpingo wa Nkhoma unaona kuti kungoletsa chinamwali sikukwanira, choncho unakonza chilangizo chake, amayi a mpingo n'kukhala alangizi m'malo mwa anamkungwi.

Pofika 1964 Chikhristu chinali chitazolowereka, ndipo atsogoleri ambiri a dziko limene linali litangolandira ufulu anali ophunzira kumishoni. Lupanga logawanitsa abale, limene Yesu analinena pa Mateyu 10, linatulukira kwina. A Mboni za Yehova anakana kugula khadi ya chipani cha MCP, boma n'kuwaletsa mu 1967. Mu 1972 masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Chowawa n'chakuti owazunzawo sanali alendo. Ena anali anansi, ena oti Lamulungu ankapita kutchalitchi. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993, patatha chaka maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata ya pa 8 Malichi 1992, imene inanena poyera zomwe anthu ankangonong'onezana.

Ku Mua kuja zinthu zinatembenuka mwanjira ina. Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo lero zigoba za gule zikusungidwa pa mishoni yomwe kale inkalimbana nazo.

Koma m'nyumba moto sunazime. Mipingo ya chipentekoste itafala, mdzukulu wa mkulu wa mpingo anayamba kuuza makolo ake kuti sanabadwe mwatsopano, mphinjiri ya m'khosi mwa khanda n'kuiponya pamoto. Pamaliro ndiye pamavuta zedi. Adzukulu amaliza kukumba, amayi a Chigwirizano avala kale zoyera, koma kuseri kwa nyumba ana a malemu akukanganabe ndi malume awo kuti alalikire ndi m'busa uti.