Ahebi Ugbabe, mkazi amene anakhala mfumu na kukwatila akazi

Pa Facebook mkangano wa amuna na akazi ukayamba, sipapita nthawi munthu wina asanalembe kuti makolo athu zinthu izi sanali kuzidziŵa. Winanso amayankha kuti Africa yakale inali kulola ciliconse. Onse aŵili angacite bwino kumvako mbili ya Ahebi Ugbabe, cifukwa siikondweletsa mbali iliyonse.

Ahebi anabadwila ku Enugu-Ezike, m'dziko la Aigbo ku Nigeria, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ali mtsikana, banja lake linagwa m'mavuto, ndipo woombeza anakamba kuti atate ake analakwila mzimu wochedwa Ohe. Malipilo ake anali akuti mwanayo apelekedwe kukhala mkazi wa mzimuwo. Ahebi anathaŵila ku dziko la Aigala. Kumeneko anakhalako na moyo wogulitsa thupi, kenako anayamba malonda, n'kuphunzila Ciigala, Cinupe na Cizungu ca pijini. Anadziŵana na Attah, mfumu yaikulu ya Aigala, komanso na Azungu.

Pobwelela kwawo anabwela na asilikali a Britain, iye ndiye anawaonetsa njila. Popeza anali kukwanitsa kukamba nawo, m'caka ca 1918 anam'patsa unyakwawa, pambuyo pake ufumu wa cikalata ca boma, udindo umene Azungu anali kupatsa amuna okhaokha. Kenako Attah anamudzoza kukhala eze, kutanthauza mfumu yeniyeni, osati mkazi wa mfumu.

Apa ndiye pamene nkhani ifunika kuimvetsa bwino. Ahebi anakwatila akazi angapo, analipila cimalo, ndipo ana amene akaziwo anabeleka na amuna ena anali kuchedwa ana ake. Kwa Aigbo izi sizinali zacilendo. Mkazi wolemela kapena wosabeleka anali kutha kukhala "mwamuna" wa mkazi mnzake kuti dzina na cuma zisathe, ndipo bambo wopanda mwana wamwamuna anali kutha kuika mwana wamkazi pamalopo. Ifi Amadiume anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1987 lokamba za tauni ya Nnobi. Ukwati wotelo unali wa mbumba na coloŵa, conco amene amauchula kuti ni cimodzimodzi na cikondi ca akazi okhaokha ca masiku ano akuthamanga ngako. Koma amene amakamba kuti umuna unali kuthela pa thupi cabe naonso mbili iwatsutsa. Umuna unali ngati mpando, ndipo mkazi anali kutha kukhalapo.

Mpandowo unali na malile. Ahebi anafuna kutulutsa cinyau cakecake. Amene munakulila ku Katete kapena ku Chadiza mudziŵa kuti kudambwe sikuloŵa aliyense. Akuluakulu analanda cinyauco, mlandu unafika kwa Azungu, ndipo Azunguwo, amene anam'kweza, anagamula mokomela akuluakulu. Mphamvu zake zinayamba kucepa kucokela pamenepo. Ine sinimuona ngati ngwazi. Anthu ake anali kumuopa cifukwa ca msonkho na nchito ya cibalo, ndipo ambili sanamukhululukile pa nkhani yobweletsa asilikali. Iye anali kudziŵa zimenezo, n'cifukwa cake anacititsa mwambo wa malilo ake akali moyo, mfuti kulila, ziŵeto kuphedwa. Anamwalila mu 1948 ndipo anaikidwa mwa mwambo wa amuna. Nwando Achebe, mwana wa Chinua Achebe, ndiye anafufuza moyo wake n'kutulutsa buku mu 2011.

Nthawi imene Ahebi anali kukwela, boma la atsamunda linali kufalitsa malamulo ake a milandu. Mu 1916 anagwila nchito mu Nigeria yonse, ndipo anali na cilango ca zaka 14 kwa ogonana "mosemphana na cilengedwe". Mau amenewo alinso m'gawo 155 la Penal Code yathu, imene inayamba mu 1931 dziko likali Northern Rhodesia. Kumpoto kwa Nigeria, kumene Ahausa akhala na 'yan daudu kwa mibadwo, amuna ocita zinthu mwacikazi amene ambili amagulitsa zakudya, zinthu zinathina pamene Zamfara na zigawo zina zinayamba kuweluza milandu mwa shariya kuyambila ca m'ma 2000. Mu Januwale 2014 Goodluck Jonathan anasaina lamulo loletsa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, zaka 14 m'ndende, na zaka 10 kwa othandiza magulu awo. Opanga lamulolo anakamba kuti akuteteza mwambo wa makolo, m'dziko limene midzi ina ya Aigbo ikali kudziŵa mkazi wolipila cimalo kuti atenge mkazi mnzake.