Kuchokera ku Bandawe: mbiri ya matenda a impso m'mbali mwa nyanja

Mu 1881, Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, pothawa malungo. Malungowo anawapezanso konkuno, ndipo manda a amishonale alipobe. Chimene azungu a nthawiyo ankaopa koposa chinali mtundu wa malungo umene ankautcha blackwater fever. Maselo ofiira a magazi ankasweka ambirimbiri nthawi imodzi, mkodzo n'kuda bii, impso n'kulefuka, kenako mkodzowo n'kusiyiratu kutuluka. Lero madokotala amati kumeneku ndi kufooka kwa impso kwadzidzidzi, ndipo munthu akathandizidwa msanga amatha kuchira. Mu 1894 Laws anasamutsanso mishoniyo n'kukwera nayo kumapiri a Khondowe.

Atonga a ku Bandawe anatsala ndi nyanja yawo, ndi likodzo lake lomwe. Nyongolotsi yake inadziwika mu 1851 pamene Theodor Bilharz anaipeza ku Cairo, koma kuno mnyamata wokodza magazi ankangoonedwa ngati akukula. Apa ndiye pomvetsa chisoni. Mazira a nyongolotsiyo amakhazikika m'chikhodzodzo ndi m'tinjira totsitsa mkodzo. Pakapita zaka zipsera zimatseka njira, mkodzo n'kubwerera kukatupitsa impso. Uku ndiko kufooka kwa pang'onopang'ono, kumene sikubwerera m'mbuyo. Masiku ano kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndizo zikutsogolera pa kuwononga kotereku, ndipo pamene msodzi wa ku Usisya azidzaona miyendo ndi nkhope zitatupa, mbali yaikulu ya impso imakhala itapita kale.

Makina osefa magazi, a dayalisisi, anawapanga Willem Kolff ku Netherlands mu 1943, ndipo mu 1954 ku Boston madokotala anakwanitsa kuika impso ya munthu mwa mnzake. Ku Malawi makinawa anafika ku Kamuzu Central Hospital mu 1998, ku Queen Elizabeth mu 2011. Kwa zaka zambiri, wodwala wa ku Kande kapena Mpamba wofunika kusefedwa magazi kangapo pa sabata ankayenera kusiya munda ndi bwato n'kukakhala ku Lilongwe, ngati malo apezeka.

N'chifukwa chake ine ndimalimbikira za zinthu zotsika mtengo: praziquantel wa likodzo amene ana amalandira kusukulu, kuyezetsa BP ndi shuga pa chipatala cha Chintheche, ndi kupempha dokotala kuti ayeze creatinine, chinyalala cha m'magazi chimene chimachuluka impso zikayamba kulephera kusefa.