Chakunja kwa yani? Mawu oyezera Kurosawa ndi Parasite

Mu 1976 filimu ya Akira Kurosawa, mbadwa ya ku Tokyo, inapata mphoto ya Oscar ya filimu yabwino koposa ya chilankhulo chakunja. Koma mphotoyo sinapite ku Japan. Dersu Uzala anaijambulira m'nkhalango za kum'mawa kwa Russia, anthu ake amalankhula Chirasha, ndipo dziko lomwe linaitumiza ku mpikisanowo linali Soviet Union.

Apa mpamene mawu oti "chakunja" amayamba kuvuta. Kwa eni mphotozi ku Los Angeles, chakunja ndi chilankhulo china chilichonse kupatula Chingerezi. Dziko lililonse limatumiza filimu imodzi pachaka. Mu 2019 anasintha dzina la mphotoyo kukhala International Feature Film, koma lamulo la chilankhulo analisiya momwemo, ndiye chaka chomwecho Lionheart ya Genevieve Nnaji wa ku Nigeria anaibweza chifukwa munachuluka Chingerezi kuposa Chiigbo. Pamene ya ku Nigeria inkakanidwa, dziko la Britain linatumiza The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, ndipo inalowa bwinobwino chifukwa cha Chichewa chake. Kwa munthu wa ku Wimbe, kwawo kwa Kamkwamba, chakunja mufilimu imeneyi ndi Chingerezicho.

Mawu ena omwe okonda mafilimu sangakambe popanda iwo ndi auteur. Ndi a Chifalansa, kutanthauza mlembi. Anatchuka m'zaka za m'ma 1950 kudzera m'magazini ya Cahiers du cinéma, momwe François Truffaut ndi anzake ankanena kuti dayirekitala weniweni amasiya dzanja lake pa filimu iliyonse, ngakhale nkhani itachokera kwa wina. Muyezo umenewu safunsira chilankhulo kapena dziko. Amayala ntchito yonse ya munthuyo pamphasa n'kuona chomwe chikubwerezabwereza.

Kurosawa anapanga mafilimu 30 kuyambira 1943 mpaka 1993, ndipo 16 mwa iwo muli Toshiro Mifune. Dzanja lake silibisika. Pali kasinthidwe ka zithunzi kotchedwa wipe, pamene chithunzi chatsopano chimakankhira chakale kumbali ngati munthu akukoka katani. George Lucas anakatengera ku Star Wars. Ndiye pali mvula. Pojambula Rashomon ya 1950, anathira inki yakuda m'madzi kuti mvula ioneke pa kamera ikamakhuthuka pachipata chakugwa cha mufilimuyo. Nkhondo yomaliza mu Seven Samurai ya 1954 imachitikira m'chimvula, akavalo akuterereka, alimi akubaya achifwamba ndi mikondo yansungwi, matope ali m'maondo, makamera angapo akujambula nthawi imodzi.

Ajapani ali ndi mawu awo: jidaigeki ndi filimu ya nthawi yamakedzana, gendaigeki ndi ya masiku ano, pomwe chanbara ndi ya malupanga okhaokha. Ambiri akamva za Kurosawa amaganiza za masamurai, chonsecho filimu yoyenera kuiyika pambali pa Parasite ya Bong Joon-ho ilibe lupanga ndi limodzi lomwe.

Imeneyo ndi High and Low ya 1963, yomwe dzina lake la Chijapani limatanthauza kumwamba ndi kugehena. Mkulu wa kampani yansapato ali ndi nyumba pamwamba pa phiri ku Yokohama. Kumunsi, m'kachipinda kotentha, mnyamata wina amaiyang'ana tsiku ndi tsiku mpaka kuida, ndipo pofuna kuba mwana wa bwanayo akulakwitsa n'kuba mwana wa dalaivala. Mu Parasite nawonso olemera ali pamtunda, banja la a Kim lili m'chipinda cholowa theka pansi, chomwe Akoreya amati banjiha, ndipo bambo wa banjalo ndiye dalaivala wa bwana. Mvula yomwe kwa olemera yangoononga ulendo wokagona kutchire, kumunsi ikusefukira m'nyumba, mtsikana wa a Kim atakhala pachivundikiro cha chimbudzi chomwe chikulavula zonyansa, fodya ali pakamwa. Parasite inapata Palme d'Or ku Cannes mu 2019 ndi ma Oscar anayi mu 2020, kuphatikizapo ya filimu yoposa zonse, yomwe filimu yosalankhula Chingerezi inali isanapatepo. High and Low sinalowe n'komwe m'gulu la opikisana pa Oscar, ngakhale kuti theka lake loyamba, lochitikira pafupifupi lonse pabalaza limodzi, silichepa kanthu pamaso pa Parasite.

Mawu amodzi anathawa m'kanema n'kukalowa m'makhoti ndi m'manyuzipepala: Rashomon effect, pamene mboni zaona chinthu chimodzi koma iliyonse ikufotokoza zake. Mu Rashomon samurai wafa m'nkhalango, ndipo wachifwamba, mkazi wa malemuyo, malemu mwiniwake kudzera mwa wamizimu, komanso wotema nkhuni, aliyense akusimba mosiyana. Inapambana ku Venice mu 1951, Kurosawa asakudziwa n'komwe kuti inatumizidwako. Oscar yomwe inalandira mu 1952 inali yaulemu chabe, poti mpikisano wa mafilimu a chilankhulo chakunja unayamba ndi mafilimu a 1956, ndipo woyamba kupambana anali Federico Fellini ndi La Strada.